Mtedza m'Khola la Mbewa

Lois Gondwe anapeza kakhungu kofiira ka mtedza m'khola la mbewa Lachitatu m'mawa, tsiku lomwe ankayenera kupha mbewazo. Kanali pakona, pamwamba pa utuchi, kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda. Anakatola, nakaika pachikhato, ndipo anaima nako nthawi yaitali akungokayang'ana.

M'chipinda chimenecho simunkalowa mtedza. Simunkalowa chakudya china chilichonse kupatula timibulu totuwa tochokera ku South Africa, tomwe Dinah, womuthandiza ntchito, ankayeza pasikelo asanathire m'khola lililonse. Ntchito yonse ya Lois inkatsamira pa lamulo limodzi lomweli. Atabwerera ku koleji ya pa Khondowe kuchokera kumaphunziro, anakwatitsa mitundu iwiri ya mbewa: mtundu umene umanenepa msanga n'kugwidwa ndi matenda a shuga, ndi wina umene sunenepa. Zidzukulu za mbewa zimenezo ndi zomwe zinali m'makolamo, iliyonse khola lakelake, zonse zikudya chakudya chimodzi, muyeso umodzi. Tsono ngati zina zanenepa koma zina ayi, ndiye kuti chifukwa chake chili m'kati mwa thupi, m'tizidutswa ta chibadwa tomwe ophunzira amati majini. Akazipha ankayenera kutenga chiwindi cha iliyonse n'kutumiza kwa anzake a ku South Africa, kuti makina awo akaone majini amene ali maso akugwira ntchito m'chiwindi cha mbewa yonenepa, ndi amene ali m'tulo. Majini opezeka ali maso mwa zonenepa zokha ndiwo akanakhala oyamba kuwaloza chala pa nkhani ya shuga.

Ndipo zina zinanenepadi. Zinafika pozungulira ngati mapeyala, shuga wa m'magazi mwawo n'kukwera, pomwe zinzake zinali zowonda ndi zachangu ngati mbewa za m'munda. Lois anali atauza kale anzake aja kuti zinthu zayenda kuposa mmene ankayembekezera. Anali atathokozanso Mulungu pa nkhaniyi, mokweza, pa mapemphero a m'mawa a aphunzitsi.

Anayamba kutsegula makola a zonenepa limodzilimodzi, akufukula utuchi ndi chala. M'khola lina anapeza makungu awiri. M'lina anapeza kanyenyeswa kouma ka chitumbuwa. Anapita ku makola a zowonda, nafukula mpaka zala zake zinada. Munalibe kanthu.

Makiyi a chipindacho anali atatu. Ina inali m'thumba mwake. Ina inali ndi Dinah, amene anapita kumaliro ku Hewe Lolemba, ndipo Dinah anali munthu woti kambulu kamodzi kakagwa pansi amakatola n'kukabwezera pasikelo. Yachitatu Lois anaipereka yekha ndi dzanja lake kwa bambo ake.

A Hezron Gondwe anali mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Akazi awo atamwalira, Lois anawatenga ku Nchenachena kuti azikhala nawo, chifukwa nawonso anali ndi shuga ndipo phazi lawo lamanzere linali litayamba kuchita dzanzi. Ankangokhala pakhonde tsiku lonse, atavala jekete ndi tayi, akuyang'ana kumene kulibe kanthu. Adokotala a kuchipatala anati aziyenda m'mawa uliwonse. Lois anaona kuti munthu wotere sangayende popanda kopita, choncho anawapatsa kiyi kuti azikatsegula mawindo a chipinda cha mbewa magetsi akazima, n'kumuuza ngati mwatentha. Anadziyamikira chifukwa cha nzeru imeneyo. Bambo ake anayambanso kuimba nyimbo za m'tchalitchi posamba.

Foni inalira. Anali Elias, dalaivala wa koleji, bambo wa ku Dedza wokonda nthabwala. Anali atatumidwa kukatenga bokosi la aisi wouma, uja amafuka utsi, woti asungire ziwindi pa ulendo. Aisi ameneyo sachedwa kutha, ndipo kuti afike pa Khondowe panafunika kupempha kwa miyezi.

"Adokotala, ndili pa Chitimba, ndikuyamba kukwera msewu wa m'phiri wa Gorodi," anatero Elias. "Bokosi lanu likufuka ngati lili ndi mlandu. Mukamaliza kupha mundisungire mitembo. Inu anthu a kuno mumataya ndiwo."

"Bwerani bwino," anatero Lois, n'kudula foni.

Anatseka chipinda, nayenda kupita kunyumba kakhungu kaja kali m'manja. Panjira anakumana ndi ophunzira awiri amene anamupatsa moni, koma sanawamve. Anayesa kupemphera kuti Mulungu amugwire lilime, koma analephera.

Anawapeza bambo ake pakhonde akumwa tiyi wopanda shuga, ndodo yawo itatsamira khoma. Chibadwire Lois sanayankhulepo ndi bambo ake ataimirira iwo ali pansi. Tsiku limenelo sanagwade, sanakokenso mpando. Anaika kakhunguko patebulo, pafupi ndi kapu.

"Adada, ichi n'chiyani?"

A Gondwe anakweza magalasi, nayang'ana kakhunguko, kenako anayang'ana mwana wawo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Sukulu yonse ija unapita kuti udzandifunse khungu la mtedza? Khala pansi, NyaGondwe."

"Ndachipeza m'khola la mbewa zanga."

"Ndiye kuti maso anga akutha. Ndimayesetsa kupukusa makungu panja ndisanalowe."

Sanakane, sanachitenso manyazi. Zimenezo ndi zomwe zinamuyatsa Lois kuposa china chilichonse.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pomwe unandipatsa kiyi."

"Ndinakuuzani kuti musakhudze kanthu. Ndinati mawindo okha. Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Unandiuza. Koma sunandiuze kuti muli njala mmenemo." Anaika kapu pansi. "Ine ndayendera odwala ndi amasiye a mpingo kuyambira iwe usanabadwe. Sindinalowepo m'nyumba ya wanjala chimanjamanja. Ndimangotsegula chitseko, timbewa tonse tija tili pawaya, timphuno m'mwamba. Timiyala totuwa timene mumatipatsa tija n'chakudya? Ndinalawako kamodzi. Ngakhale akaidi sadya zotero."

"Si nyumba imeneyo, adada. Ndi malo anga a ntchito."

"Muli zamoyo."

"Munkapatsa ziti?"

"Zimene zimabwera kudzapempha. Zina n'zamanyazi, zimabisala muutuchi, ndiye sindizikakamiza."

Lois anaseka, koma kuseka kwake kunali koipa, moti a Gondwe anachotsa magalasi.

"Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuyeza mbewa zopanda manyazi. Ndauza anthu ophunzira a dziko lina kuti ndapeza njira yopita ku majini a shuga, pomwe chimene ndapeza ndi thumba la jekete la a Hezron Gondwe."

"Samala pakamwa pako."

"Mtedzawo mumautenga kuti? Zitumbuwazo? M'nyumba muno mulibe zimenezo."

"Amandipatsa amayi a kutchalitchi. A Isabella ndi anzawo. Amandimvera chisoni, amati mwana wa a Gondwe wawasandutsa mbuzi bambo ake, masamba m'mawa, masamba madzulo."

"Ndipo inu mumadya."

"Theka ine, theka izo. Sindidya ndekha ayi."

"Zitumbuwa. Ndi phazi limenelo." Lois analoza phazi lawo lamanzere. "Ndimadzuka m'mamawa kukuphikirani padera. Ndimakubayani chala, ndimadabwa kuti shuga sakutsika bwanji, ndimakangana ndi adokotala kuti mankhwala awo ndi ofooka. Inu mukundiyang'ana. Azakhali anafa ndi matenda amenewa. Adada aang'ono anawadula mwendo mukuona. Mukuganiza kuti ndinasankha mbewa chifukwa ndimazikonda? Ndinabwerera kuno chifukwa cha inu."

A Gondwe anagwira ndodo, naimenyetsa pansi kamodzi.

"Chifukwa cha ine? Unandifunsa? Umandiyezera mgaiwa pakasikelo ngati mmene Dinah amayezera mbewa zako. Amayi ako anandiphikira moyo wawo wonse, sanandiwerengerepo nthongo. Iwe umaima pambali panga ndikudya, maso ali pambale. Alendo akabwera umawachenjeza pakhomo ngati akulowa kwa mwana wodwala chikuku. Ine ndi tinthu tija tili m'khola limodzi, Dokotala. Kusiyana kwake n'koti ine unandipatsa kiyi."

Dzina lakuti Dokotala sankalitchula kunyumba. Ankalisungira anthu a kutchalitchi, powauza monyadira za mwana wawo. Lois analimva ngati mbama.

"Nyamukani," anatero. "Mukandionetse zimene munkapatsa. Mwina pa zonenepazo pali zina zimene simunazikhudze. Zikapezeka ngakhale zochepa, ntchito yanga ikhoza kupulumuka."

Ananyamuka onse awiri kupita kukoleji. Njira ya kukoleji ili ndi miyala mbali imodzi, ndipo Lois, ngakhale mtima unali kuwira, anayenda mbali ya miyalayo n'kuwasiyira bambo ake poyera. Phazi lawo linkachedwa. Iye ankafuna kuthamanga, koma ankafupikitsa mapazi, ndipo kufupikitsako kunkangomuwonjezera ukali.

Sipanafunike kuti a Gondwe aloze. Ndodo yawo itangogunda simenti ya pakhomo, m'chipindamo munamveka phokoso ngati la mvula yoyamba padenga. Mbewa zonenepa zinathamangira kutsogolo kwa makola, zinaimirira ndi miyendo yakumbuyo, timanja tili pawaya. Zowonda zinalowa muutuchi. Lois ankalowa m'chipindacho tsiku ndi tsiku, ndipo palibe mbewa imene inamuimirirapo chotero.

Anayenda m'mbali mwa mashelefu akuyang'ana khola lililonse. Chakumapeto anapeza mbewa imodzi yonenepa kwambiri itakhala phee pakona, yosalabadira za ndodo. Anailoza mwachiyembekezo.

"Nanga iyi?"

A Gondwe anayandikira, nasuzumira.

"Iyi ndi yaulemu. Siidya munthu akuiona. Umaiikira pakona n'kutembenuka."

Lois anakhala pampando wa Dinah. Patebulo panali timabotolo tating'ono toyembekezera ziwindi, tili m'mizere, tomwe anatikonza dzulo lake akuimba. Anawafotokozera bambo ake, ndi mawu ouma, osawayang'ana, kuti makina a ku South Africa akapezadi majini ali maso m'ziwindi za zonenepazo. Koma akakhala majini odzutsidwa ndi mafuta a mtedza ndi zitumbuwa, osati amene mbewazo zinabadwa nawo okonzeka kuzidwalitsa. Ndipo palibe makina padziko amene angasiyanitse ziwirizo.

A Gondwe anamvetsera monga mphunzitsi amamvetsera masamu. Nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono. Anayang'ana timabotolo, anayang'ana makola, kenako dzanja lawo linapita pathumba la jekete n'kukhala pomwepo.

"Palibe amene angasiyanitse," anabwereza.

"Palibe."

"Nanga akudziwa ndani? Ine ndi iwe." Anatsitsa mawu. "Dinah sakudziwa. Ipha, tumiza. Ine sindidzatsegula pakamwa mpaka m'manda."

Lois anatembenuka. Ganizo limenelo linali litamufikira kale ali panjira, ndipo anali akulikankhira kumbali ngati galu wolowa m'khitchini. Kulimva likutuluka pakamwa pa bambo ake kunamuchititsa manyazi, manyaziwo n'kusanduka ukali watsopano.

"Inu? Mkulu wa mpingo?"

"Ukulu wa mpingo anandisankha anthu. Iwe anandipatsa Mulungu. Sindingaone ntchito yako ikufa chifukwa cha dzanja langa."

"Yafa kale. Mukufuna ndiikwirire ndi bodza? Anthu ena adzatenga majini amenewo, adzawathera zaka, adzafunafuna mankhwala pamalo popanda kanthu. Wina wa phazi ngati lanulo adzakhala akudikira." Anaimirira. "Munandiwonongera ntchito ndi chifundo. Tsopano mukufuna kundiwonongera dzina ndi chikondi. Musandithandizenso, adada. Chonde."

Panja panamveka galimoto. Elias analowa chammbuyo atanyamula bokosi loyera, utsi wozizira ukutsikira m'mbali mwake.

"Monile mose. Gorodi lero ndamugonjetsa, bokosi silinagwedezeke n'komwe. Adada, mwabwera kudzaona maliro a anzanu?" Anaika bokosi pansi, nayang'ana nkhope ziwirizo, ndipo mawu ena amene anali pakamwa anawameza.

Lois anayang'ana bokosilo. Linali litakwera phiri lonse, ndipo pofika mawa likanakhala lopanda kanthu. Zonse zinali zokonzeka: mipeni, timabotolo, galimoto yobwerera. Akanayamba nthawi yomweyo akanamaliza dzuwa lisanapendeke, ndipo chaka chamawa dzina lake likanawerengedwa m'maiko akutali. Anatseka maso. Pemphero silinabwere, panangobwera mawu awiri, akuti ndithandizeni Ambuye, ndipo anawanena ngati munthu wokalipa.

Anatulutsa foni, naimbira Pulofesa, mayi wa ku South Africa amene ankayang'anira makina aja. Anayankhula Chingerezi ataimirira pakati pa chipinda, bambo ake ndi Elias akumva. Anati mbewa zina zakhala zikudya chakudya cha kunja kwa miyezi yambiri, ndipo kunenepa kwawo sikungakhulupirike. Anati sakutumiza kanthu. Pulofesa anafunsa kuti zachitika bwanji, Lois n'kuyankha kuti anapereka kiyi kwa munthu amene sanamufotokozere mokwanira, ndipo kulakwa n'kwake. Kenako Pulofesa anati malo ake pamakina aperekedwa kwa gulu lina, ndipo za chaka chamawa sangalonjeze. Anamuthokoza chifukwa chonena, koma mawu ake anali ozizira.

Lois anaika foni patebulo.

"A Elias, bokosili kaliperekeni kuchipatala. Mwina ali ndi zoti asunge pozizira lisanathe."

"Lonseli, adokotala?"

"Lonse."

Anatambasula dzanja kwa bambo ake, chikhato chili m'mwamba. A Gondwe anamvetsa. Anamasula kiyi pa chingwe chimene ankamangirira palamba, zala zawo zikulimbana ndi mfundo, ndipo Lois sanawathandize. Atamupatsa kiyi anapisanso m'thumba la jekete, natulutsa kapepala ka mafuta momwe munali zitumbuwa ziwiri ndi mtedza wodzaza dzanja. Anakaika patebulo pambali pa timabotolo.

"Tinthuti utani nato?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Lero sindipha."

"Uyambiranso?"

"Ngati andilola. Kukwatitsa, kudikira ana, kudikira zidzukulu." Anaponya kiyi m'kabati, natseka mwamphamvu. "Pitani kunyumba. Madzulo ndikubayani chala, ndipo mundiuza zonse zimene mwadya sabata ino. Lamulungu ndikayankhula ndi a Isabella ndekha."

"Usakawachititse manyazi. Ankachita zabwino."

"Aliyense pa Khondowe pano akuchita zabwino. Ndatopa nazo."

A Gondwe anatsamira ndodo yawo. Anatembenukira kukhomo. Mbewa zonenepa zinali zidakali pawaya, zikutsatira ndodo ndi timphuno, ndipo iwo anadutsa osayang'ana kumbali.

Elias ananyamula bokosi. Pa windo Lois anamuona akuliika kumbuyo kwa galimoto, kenako akutsegula chitseko cha kutsogolo n'kuchotsa chipewa chake pampando.

"Kwerani, adada, ndikutulani pakhomo. Chipatala n'komweko."

"Ndikhoza kuyenda."

"Ndikudziwa. Koma ndikufuna munthu wondigwirira nkhani panjira."

Mkuluyo anaima pang'ono, kenako anathokoza kuti yewo, nakweza phazi lodwala ndi manja onse awiri. Elias anadikira mpaka litalowa bwino asanatseke chitseko.

Galimoto itapita, Lois anatenga kapepala ka zitumbuwa kaja, nakaponya m'bini ya panja, n'kubwerera. Nthawi yodyetsa mbewa inali itapitirira. Anatsegula thumba la timibulu, nayatsa sikelo. Atayeza muyeso woyamba anakumbukira kuti kuyezako kulibenso ntchito, popeza mbewa zimenezi sizidzauzanso munthu kanthu. Anachotsa kambulu kamodzi kopitirira muyeso, nathira zotsalazo m'khola loyamba, n'kupita pa lachiwiri.